Zinthu 6 zodabwitsa za Rip Van Winkle, munthu amene anagona zaka 20

Ambiri amaidziwa nthano ya Washington Irving, yomwe inatuluka mu 1819, ngati ya mlesi amene anamwa mowa wa anthu achilendo kuphiri n'kugona zaka 20. Chokoma chake chenicheni chili pa zimene anakapeza atadzuka.

1. Wolembayo anali asanapondeko kumapiri a Catskill. Irving analemba nthanoyi mu 1818 ali ku Birmingham, ku England, kunyumba kwa mlamu wake, bizinesi ya banja lawo itangogwa. Mapiriwo anangowaonera patali ali mnyamata, akuyenda pa ngalawa mumtsinje wa Hudson. N'chifukwa chake mudzi wa Rip umamveka ngati wolembedwa ndi munthu wopukwa kwawo.

2. Muzu wake uli ku Germany, m'nthano ya mbusa wa mbuzi, Peter Klaus, amenenso anagona zaka 20 kuphiri. Irving anawonjezeramo nkhondo: Rip anagona ali pansi pa mfumu ya ku Britain, anadzuka dziko la America likudzilamulira.

3. Nkhope ya pachikwangwani sinasinthe. Pakhomo pa nyumba ya alendo pamene Rip ankacheza ndi anzake panali chithunzi cha Mfumu George III. Pobwerera anapeza nkhope yomweyo, koma jekete lake lofiira atalipaka utoto wabuluu, ndodo yachifumu italowedwa m'malo ndi lupanga, pamutu atamuveka chipewa cha asilikali, pansi atalemba dzina la George Washington. Mtengo waukulu umene ankakhala pamthunzi pake unali utachoka, pamalo pake pali mlongoti wa mbendera. Kwa ine apa ndiye pamtima pa nthano yonse. Irving, amene anabadwa mu 1783 ndipo makolo ake anamutcha dzina la Washington yemweyo, analimba mtima kufunsa ngati ufulu unasinthadi olamulira kapena unangowaveka zovala zina.

4. Anafika pa tsiku la chisankho. Ndevu zili mbuu, mfuti itachita dzimbiri, anthu anamuunjirira n'kumufunsa kuti wavotera mbali iti. Iye, posadziwa kanthu, ananena kuti ndi munthu womvera mfumu, ndipo khamu linakuwa kuti ndi kazitape. Mawu amene dzana anali ulemu, tsikulo anali mlandu. Atafunsa za anzake anamva kuti Nicholas Vedder anamwalira zaka 18 zapitazo, ndipo mphunzitsi Van Bummel ali kunyumba ya malamulo.

5. Nkhani ya ufulu wa dziko sinamukhudze kwenikweni. Chimene chinamupepula mtima ndi kumva kuti mkazi wake wolongolola anamwalira, mtsempha utaphulika akukalipira wamalonda woyendayenda. Apa nthanoyi imandipweteka. Mayiyu dzina lake lenileni sitiuzidwa. Munda wa Rip unali wosalimidwa bwino kuposa wina aliyense m'deralo, ana ankayenda ndi masanza, ndipo bambo atasowa, galu wake yekha ndiye anabwerera kunyumba. Mayi wotere akanaleka bwanji kulongolola? Mwana wamkazi, Judith, ndiye anamutenga Rip kukamusunga. Wamwamuna anamupeza atatsamira mtengo, waulesi ndi wausiwa, bambo ake enieni, mpaka Rip anayamba kukayika kuti iye mwini ndi uti.

6. Martin Luther King Jr. anailalikira m'tchalitchi. Pa 31 March 1968, mu National Cathedral ku Washington, anakumbutsa anthu za chikwangwani chija. Mfundo yake inali yakuti vuto la Rip silinali kutalika kwa tulo, koma kuti anaphonya kusintha kwakukulu kwa dziko lake ali mkonono kuphiri, ndipo anachenjeza Aamerika kuti asachite chimodzimodzi pa nkhani ya tsankho, umphawi ndi nkhondo ya ku Vietnam. Uwu unali ulaliki wake womaliza wa Lamulungu. Pa 4 April anawomberedwa ku Memphis.