KUMENE MLENDO NDI NJINGA YAKE AMAGONA MOSADERA NKHAWA

Kwathu kuno njinga ndiyo imanyamula thumba la cimanga kupita kucigayo, imaperekeza wodwala kucipatala, ndiponso imafikitsa mlimi kumsika. Koma ku Ulaya kuli anthu ambiri amene, ikafika nthawi ya chuthi, amasiya galimoto pakhomo, namanga katundu pa njinga ndi kuchova ulendo wa masiku angapo mwa kufuna kwawo. Dzuwa likapendeka, munthu wotere amakhala ndi mafunso awiri mumtima: kodi ndigona kuti, nanga njinga yanga igona pati? Sabata ino, awerengi athu, tikutengerani ku nyanja ya Bodensee kuti mumve m'mene anthu a kumeneko anayankhira mafunso amenewa.

NYANJA YA MAIKO ATATU

Nyanja ya Bodensee, imene Angelezi amaicha Lake Constance, ili pamalire a maiko atatu, ndiwo Germany, Austria ndi Switzerland. Mtsinje wa Rhine, umene umatsika kucokera kumapiri a Alps, umalowa m'nyanjayi mbali imodzi nutulukira mbali ina. Pozama koposa pali mamita 251, ndipo anthu pafupi-fupi mamiliyoni 4 a m'cigawo ca Baden-Württemberg amamwa madzi opopedwa m'nyanja yomweyi.

Kuzungulira nyanja yonse kuli njira ya njinga ya makilomita ngati 260, ndiko kuti mtunda wocepera pang'ono theka la ulendo wa pakati pa Lusaka ndi Chipata. Zitunda ndi zocepa, comweco nkhalamba ndi ana omwe amaiyenda, ndipo ambiri amaitsiriza sabata isanathe. Njirayi imapyola m'mizinda ya Konstanz, Meersburg, Friedrichshafen, Lindau, Bregenz ndi Romanshorn, ndiponso m'minda ya maapulo ndi mphesa. Pafupi ndi Friedrichshafen ndi pamene cibaluni coyamba ca Zeppelin cinauluka m'caka ca 1900, ndipo pa cisumbu ca Reichenau amonke anamangapo nyumba yawo m'caka ca 724. Wotopa akhoza kukweza njinga m'sitima ya pamadzi pa Konstanz, nafika ku Meersburg patapita mphindi ngati 15.

BVUTO LA USIKU UMODZI

M'midzi ya m'mbali mwa nyanjayi muli mahotela, koma mulinso nyumba za anthu wamba zimene eni ake anapatula zipinda zingapo kuti azigonekamo alendo ndi kuwapatsa cakudya ca m'mawa. Pa cipata amakoleka cikwangwani colembedwa kuti "Zimmer frei," ndiko kunena kuti cipinda cilipo.

Akulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Mwambi umenewu umayenera kwambiri munthu wa panjinga, pakuti iye amafika madzulo ndipo m'mawa wapita. Apa ndi pamene panagona bvuto. Mwini nyumba akalandira mlendo wa sabata yathunthu, amacapa nsalu za pabedi kamodzi nalandira ndalama za masiku 7. Akalandira wa usiku umodzi, nchito ya kucapa, kusita ndi kukolopa ndi yomweyo, koma malipiro ndi a tsiku limodzi cabe. Cifukwa ca ici eni nyumba ambiri, makamaka m'miyezi ya alendo oculuka, anali kukana anthu a panjinga. Munthu amene wachova tsiku lonse, mwina wabvumbwa ndi mvula, anali kugogoda khomo ndi khomo mdima uli kugwa.

Bungwe la anthu oyenda panjinga m'dziko la Germany, lochedwa ADFC, limene linakhazikitsidwa mumzinda wa Bremen m'caka ca 1979, linaona kuti kudandaula kokha sikungathandize. M'caka ca 1995 linayambitsa cizindikilo ca Bett+Bike, kutanthauza bedi ndi njinga. Nyumba yofuna kukoleka cizindikilo cimeneci iyenera kulonjeza zinthu izi. Coyamba, kulandira mlendo ngakhale wa usiku umodzi wokha. Caciwiri, kukhala ndi cipinda cokhoma cosungiramo njinga usiku. Cacitatu, kupereka malo oumitsira zobvala zonyowa. Cacinai, kusunga pampu, masipanala ndi zina zokonzera njinga, ndi kudziwa kumene kuli makanika wapafupi. Cacisanu, kukonza cakudya ca m'mawa cokhutitsa, kapena kupereka malo oti mlendo adziphikire. Cotsiriza, kukhala ndi mapu a njira za m'deralo. Nyumba zimene zinalowa m'pangano limeneli zinafika poposa 5,000.

KUCOKERA MADZULO MPAKA M'MAWA

Mlendo akafika pa nyumba yotere, mai kapena bambo wa panyumbapo amayamba wamuonetsa kosungira njinga, kawiri-kawiri m'garaji kapena m'cipinda ca pansi pa nyumba. Ici si cinthu cacing'ono. Njinga za maulendo otere n'zodula, makamaka zimene zili ndi batire lothandiza kuchova, ndipo mbala zili m'dziko lililonse. Munthu amene njinga yake yagona panja sagona tulo teni-teni. Kwa a njinga za batire, pamakhalanso poti alumikize magetsi kuti pofika m'mawa batire likhale litadzaza.

Njinga ikalowa, mlendo amalemba dzina lake ndi dziko lake pa cipepala ca boma, nalandira kiyi. Malaya onyowa amakayanika m'cipinda cofunda, nsapato naziika pambali. Ngati chubu cabooka kapena cheni yayamba kulira, zida zili pomwepo. M'mwezi wa Juni dzuwa limalowa nthawi ya 21 koloko itapitirira, cotero mpata ulipo wakuti munthu akasambe m'nyanja kapena akhale pa gombe kuyang'ana mapiri a tsidya lija.

M'mawa pathebulo pamakhala timabuledi tatsopano, batala, chizi, mazira, uci, zipatso ndi khofi kapena tiyi. Apa ndi pamene nyumba yaing'ono imaposa hotela yaikulu. Mwini nyumba amadziwa kumene njira yatsekedwa, nthawi imene sitima inyamuka, ndi mtambo umene ubweretsa mphepo ya mkuntho pa nyanja. Nzeru zotere sizipezeka pa mapu.

ZOYENERA KUDZIWA WOPITA KUMENEKO

M'maiko onse atatu magalimoto ndi njinga zimayenda kudzanja lamanja, osati lamanzere monga kwathu. Ku Germany ndi ku Austria ndalama yake ndi euro, pamene ku Switzerland ndi franc. Munthu wa pasipoti ya Zambia afunika viza ya Schengen, imene imagwira nchito m'maiko atatu onsewa, popeza Switzerland inalowa m'pangano limeneli m'caka ca 2008. M'miyezi ya Julaye ndi Ogasiti alendo amaculuka, ndipo n'kwanzeru kupempheratu malo masiku akalipo. Pa Sondo masitolo ambiri amakhala otseka. Ikakwana 22 koloko usiku, phokoso sililoledwa. Popereka moni, a kumpoto ndi kum'mawa kwa nyanja amati "Grüß Gott," pamene a ku Switzerland amati "Grüezi," ndipo munthu wamkulu amachulidwa ndi mau aulemu akuti Herr kapena Frau patsogolo pa dzina la makolo ake.

Eni nyumba amene anabvomera kucapa nsalu tsiku ndi tsiku sanataye kanthu. Mlendo wa panjinga sanyamula zakudya zambiri, cotero amagula buledi, zipatso ndi cakudya ca madzulo m'mudzi momwemo, ndipo ndalama imatsala kwa wophika buledi, mlimi wa maapulo ndi makanika. Akacoka, amauza anzake amene akumana nawo panjira kuti pakuti-pakuti pali nyumba yosamala njinga, ndipo madzulo ake cipinda cija cimakhala calowanso wina. Mame aja amakamukadi msanga, koma akamagwa m'mawa uliwonse, ndiwo za m'dimba zimakula.