MADZI OCHOKERA M'KHOLA LA NKHUMBA: KODI MAGETSI ANGAWAYERETSE?

Ulimi wa nkhumba ndi umodzi mwa maulimi amene mabanja ambiri a kwa Goliati ndi madera ena a boma la Thyolo amadalira. Malo olima m'boma lino ndi ochepa, pakuti mbali yaikulu ya nthaka yabwino ili ndi minda ya tiyi, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti anthu okhala m'bomali ndi oposa 720,000. Munthu amene ali ndi kamunda kakang'ono amaona kuti nkhumba ndiyo ingamuthandize, chifukwa sifuna dambo lodyera monga ng'ombe, imaswa ana ambiri, ndipo gaga wake amapezeka ku chigayo.

Ife a zaumoyo takhala tikulangiza kuti nkhumba zizikhala m'khola nthawi zonse. Nkhumba yoyendayenda imadya chimbudzi cha anthu ndi kutenga mazira a njoka zam'mimba, amene amasanduka timatuza toyera m'nyama yake. Imathanso kutenga chigodola ndi kuchifalitsa m'mudzi monse. Koma khola nalo lili ndi vuto lake. Nkhumba yaikulu imodzi imatulutsa ndowe ndi mkodzo zolemera makilogalamu 4 kapena 5 pa tsiku. Mukakhala ndi nkhumba khumi, ndipo mumatsuka khola ndi madzi m'mawa uliwonse, madzi akuda amene amatuluka ndi ambiri. Kodi madzi amenewa amapita kuti?

KUOPSA KWA MADZI A M'KHOLA

Madzi a m'khola amanyamula tizilombo toyambitsa matenda otsekula m'mimba, mazira a nyongolotsi, ndiponso kachilombo kena kamene kamagwira chiwindi ndi kudwalitsa chikasu. Akadikha kuseri kwa nyumba amaswetsa ntchentche, ndipo ntchentchezo zimatera pa nsima ndi pa ndiwo za ana.

Palinso vuto lina losaoneka ndi maso. Mkodzo wa nkhumba uli ndi amoniya, uja amene fungo lake limalasa m'mphuno mukalowa m'khola. Amoniya akalowa m'nthaka amasanduka mchere wotchedwa naitireti, umene umatsika pang'onopang'ono mpaka kukafika m'chitsime. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika malire akuti madzi akumwa asapitirire mamiligalamu 50 a naitireti pa lita imodzi. Khanda losakwana miyezi 6 likamwa madzi otere, magazi ake amalephera kunyamula bwino mpweya, ndipo milomo ndi zikhadabo zimachita bii. Dziwani kuti kuwiritsa kumapha tizilombo koma sikuchotsa naitireti. Ichi ndi chifukwa chinanso chakuti mwana aziyamwa bere lokha mpaka atakwana miyezi 6.

Madzi amene atsikira ku mtsinje sathera pa mudzi wanu. Mitsinje ya kum'mawa kwa Thyolo imathira mu Thuchila ndi mu Ruo, ndipo Ruo amakathira mu Shire pa Chiromo. Anzathu a kumunsi amatunga madzi omwewo. Lamulo la madzi la chaka cha 2013 limaletsa kutayira madzi onyansa mu mtsinje popanda chilolezo.

M'MENE MAGETSI AMAYERETSERA MADZI

Akatswiri a maiko ena akhala akuyesa kuyeretsa madzi a m'makola akuluakulu a nkhumba ndi mphamvu ya magetsi. Njirayi si yachilendo kwenikweni. M'chaka cha 1889 munthu wina dzina lake William Webster anaiyesa pa madzi a m'zimbudzi za mzinda wa London, ndipo mizinda ina ya ku America inaigwiritsa ntchito zaka zingapo pambuyo pake, koma inadzaisiya chifukwa cha kukwera mtengo.

Kagwiridwe kake ndi kotere. Madzi akuda amathiridwa m'thanki momwe mwaimikidwa zitsulo zaphanthiphanthi, zoyandikana koma zosakhudzana. Zitsulozo zimalumikizidwa ku magetsi a mtundu uja wa m'batire, okhala ndi mbali ziwiri zosasinthana. Magetsi akayamba kuyenda, chitsulo cha mbali imodzi chimayamba kudyeka pang'onopang'ono. Tizidutswa take tikasakanikirana ndi madzi timapanga timibulu tonga phala la dzimbiri, ndipo litsiro losaoneka limene limayandama m'madzi limamatirira ku timibuluto. Ku chitsulo cha mbali inayo kumatuluka tithovu ta mpweya, timene timanyamula litsiro lina kupita nalo pamwamba. Pakapita nthawi, pamwamba pamakhala thovu lakuda loti n'kuyengula, pansi pamadikha matope, ndipo pakati pamatsala madzi oyererako. Ntchito imeneyi ikufanana ndi ya mankhwala a alamu amene mabungwe ogawa madzi m'mizinda amathira m'madzi a mumtsinje kuti matope adikhe. Kusiyana kwake n'kwakuti pano mankhwalawo amapangika okha kuchokera ku chitsulo.

Pali njira yachiwiri imene imafuna zitsulo zapadera zosadyeka. M'madzimo amathiramo mchere wothira m'ndiwo womwewu. Magetsi amasandutsa mcherewo kukhala kolorini, mankhwala aja amene timathira m'ndowa za madzi akumwa pa nthawi ya kolera. Kolorini amapha tizilombo, komanso amaphwanya amoniya ndi kumusandutsa mpweya wosavulaza umene umangouluka.

ZOVUTA ZAKE

Tisafulumire kuganiza kuti njirayi ndiyo yathetsa mavuto onse. Poyamba, imadya magetsi, ndipo madzi akakhala okhathamira ndi ndowe imadya ochuluka. N'chifukwa chake akatswiri amayamba achotsa ndowe zolimba asanayatse makina. Chachiwiri, zitsulo zimatha ndipo zimafunika kugula zina. Chachitatu, matope otsalawo ayenera kusamalidwa bwino chifukwa ndimo mumathera mazira a nyongolotsi, ndipo mazirawa ali ndi chikopa cholimba chimene kolorini sachilowa msanga. Chachinayi, madzi otulukawo ndi othirira mbewu kapena kutsukira khola basi. Si akumwa ayi.

Chenjezo lalikulu ndi ili: munthu aliyense asayerekeze kuviika waya wa magetsi a ESCOM m'dzenje la madzi a m'khola. Magetsi a m'nyumba ndi a mtundu wina, ndipo madzi a mkodzo amayendetsa magetsi mosavuta, kotero mwana kapena chiweto chikaponda pamenepo ndi imfa. Mpweya wotuluka m'thanki muja nawonso umayaka moto, ndipo kolorini akachuluka amapweteka m'mapapo. Iyi ndi ntchito ya anthu oiphunzira.

Komabe pali chinthu chimodzi chopatsa chiyembekezo. Magetsi ochokera ku dzuwa, a masola amene tsopano tikuwaona pa madenga a m'midzi, ndi a mtundu womwewo umene njirayi imafuna. Mlimi wa nkhumba zitatu sangakwanitse yekha, koma kalabu ya alimi kapena famu ya nkhumba zambiri ingathe kufunsa nzeru kwa akatswiri. Paja mutu umodzi susenza denga.

ZOYENERA KUCHITA LERO LINO

Ngakhale popanda makina, pali zambiri zimene banja lililonse lingachite.

1. Mangani khola kumunsi kwa chitsime kapena mjigo, pa mtunda wosachepera mamita 30.

2. Yambani mwawola ndowe ndi fosholo musanathire madzi. Mukatero madzi otsukira amachepa ndipo sada kwambiri.

3. Unjikani ndowezo pamodzi ndi mapesi ndi udzu, muvundikire, ndipo muzitembenuza kuti zitenthe. Ziwole miyezi ingapo musanapite nazo ku dimba la tomato kapena masamba.

4. Kumbani ngalande yochokera ku khola kupita ku dzenje lovundikira momwe matope angadikhe, ndipo madzi a pamwamba alowe m'dzenje lachiwiri lodzaza ndi miyala. Tchingani maenjewo kuti ana asagweremo.

5. Pa nthawi ya dzinja patulani madzi a mvula kuti asadutse m'khola ndi kukokolola zonyansa.

6. Sambani m'manja ndi sopo mukachoka ku khola, musanagwire chakudya kapena kuyamwitsa mwana.

Mukafuna kumanga khola latsopano, kapena ngati madzi a m'chitsime chanu asintha fungo kapena maonekedwe, kaonaneni ndi mlangizi wa zaumoyo pa chipatala chimene muli nacho pafupi, ndiponso mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu, kuti adzaone malowo.