NJANJI NDI MALUŴA M'CHIGWA CHA BWANJE

Kum'maŵa kwa mapiri a m'boma la Ntcheu kuli chigwa chachikulu chotchedwa Bwanje. M'chigwamo muli mtsinje wa dzina lomweli umene umayenda chakumpoto kulunjika ku nyanja ya Malaŵi. Dera limeneli n'lotsika ndiponso lotentha kuposa ku Ntcheu pa boma. Dothi lake n'lachonde, ndipo anthu amalimako chimanga, thonje, mtedza ndi mpunga. Ambiri amaŵetanso ng'ombe ndi mbuzi. M'chigwa chomwechi mudadutsa njanji ya sitima yapamtunda yochokera ku Limbe kupita ku Salima.

Mmene njanji idafikira m'chigwachi

Njanji yoyamba m'dziko muno idachokera ku Nsanje, kumene masiku amenewo kunkatchedwa Port Herald, ndipo idafika ku Blantyre m'chaka cha 1908. Kwa zaka zambiri siidapitirire pamenepo. Munthu wa ku Bwanje akafuna kupita ku Blantyre ankayenda pansi masiku angapo, katundu ali pamutu.

M'chaka cha 1935 ntchito ziŵiri zazikulu zidatha. Yoyamba idali ya mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi ku Mozambique, umene kutalika kwake kumaposa makilomita 3. Yachiŵiri idali ya njanji yochokera ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi ku Bwanje mpaka ku Salima. Kuyambira chaka chimenecho katundu wochokera kufupi ndi nyanja ya Malaŵi ankatha kuyenda pa njanji mpaka ku doko la Beira, m'mbali mwa nyanja yamchere.

Wina angafunse kuti: bwanji njanjiyi siidadzere ku Ntcheu pa boma ndi ku Dedza? Yankho lake lili m'mawilo a sitima. Mawilowo ndi achitsulo, ndipo amayenda pamwamba pa zitsulo zinzake zosalala. Pa malo a thyathyathya injini imodzi imakoka mabogi ambiri olemera mosavuta, koma pa chitunda chachikulu mawilo amaterereka. Tsono Dedza ali pamwamba pafupifupi mamita 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malaŵi siifika ndi mamita 500 omwe. N'chifukwa chake omanga njanji adazemba mapiri natsata chigwa.

Njanji imeneyi idanyamula zinthu zambiri, koma china mwa izo n'chodabwitsa. Sitima yapamadzi ya Ilala idapangidwa ku Scotland, ndipo idabwera kuno ili zidutswazidutswa. Zidutswazo zidatsitsidwa ku Beira ndi kukwezedwa pa sitima yapamtunda mpaka ku Chipoka. Atazilumikiza, Ilala idayamba kuyenda panyanja m'chaka cha 1951. Motero sitima yapamadzi idayamba yadutsa m'chigwa cha Bwanje isanakhudze madzi a m'nyanja.

Dziko la Malaŵi litalandira ufulu, njanji idaonjezedwa. M'chaka cha 1970 idatsegulidwa nthambi yochokera pa Nkaya kupita ku Nayuchi, yolunjika ku doko la Nacala. M'chaka cha 1979 njanji idachoka ku Salima kufika ku Lilongwe, ndipo mu 1980 idafika ku Mchinji. Mpata wa pakati pa zitsulo ziŵiri za njanji ndi mamilimita 1,067. Muyeso umenewu ndi womwewo ku Zambia ndi pa njanji zazikulu za ku Mozambique, kotero kuti sitima imatha kuwoloka malire popanda kusintha mawilo.

Ulendo wa pa sitima

Injini zoyamba zidali zamalasha. Munthu mmodzi ankaponya malasha pamoto ndi fosholo. Motowo unkaŵiritsa madzi, ndipo nthunzi ya madziwo inkakankha zitsulo zimene zinkazunguza mawilo. Injini yotere inkamwa madzi ambiri, choncho m'masiteshoni ena munkakhala mathanki ataliatali omwetsera. Pambuyo pake padadza injini zoyendera dizilo, zosafuna malasha. Ofuna kuona injini yakale angathe kukaiona ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri, mumzinda wa Blantyre.

M'zaka zimene sitima yonyamula anthu inkafika ku Salima, ulendo wake udali wotere. Ikanyamuka ku Limbe inkaima ku Blantyre, kenaka inkatsetsereka kudzera ku Lunzu ndi ku Lirangwe mpaka kukawoloka mtsinje wa Shire. Ikadutsa pa Nkaya ndi pa Balaka inkafika ku Bilila ndi ku Sharpevale, m'boma la Ntcheu. Pamenepo wokwera ankaona mapiri atandandalika kumanzere, ndipo kumanja chigwa chitayalika mpaka kumene maso ake ankalekeza. Kuchoka apo sitima inkaima pa Golomoti ndi pa Mtakataka, pafupi ndi mishoni ya Mua imene idakhazikitsidwa m'chaka cha 1902. Ikafika pa Chipoka ana ankathamangira ku mawindo, pakuti pamenepo nyanja imaonekera pafupi.

Pa siteshoni iliyonse pankakhala ngati pamsika. Amayi ankabwera ndi malichero a nthochi, zitumbuwa, mtedza ndi mango nagulitsa kwa anthu osuzumira pa mawindo. Ena ankakweza matumba a chimanga, ena nkhuku za m'zitete. Sitimayo siinkathamanga kwambiri, motero munthu ankakhala ndi mpata woona bwino midzi, minda ndi mitengo ya m'mbali mwa njanji.

Nyengo ya maluŵa

Munthu wodutsa m'chigwachi m'chilimwe angayese kuti kulibe chokongola, pakuti udzu umakhala utauma, kwina utapsa ndi moto, ndipo mphepo imaulutsa fumbi. Koma nthaŵi yomweyo ndi imene mitengo yambiri imachita maluŵa. Mizu yake imafika pansi kwambiri pamene pali chinyontho, choncho siidikira mvula.

Mango ndiwo amayamba, nyengo yozizira ikamatha. Mitengo yake imadzaza ndi timaluŵa tating'ono tonunkhira timene njuchi ndi ntchentche zimatiunjirira. Mtengo wa muwale umachita maluŵa ofiira psu pa nthambi zopanda masamba, ndipo umaonekera patali. M'mapiri mitengo ya mombo ndi tsamba imaphukira masamba anthete ofiirira, kotero kuti phiri lonse limaoneka ngati lavala nsalu yatsopano. Ku Blantyre ndi ku Zomba, m'miyezi ya Sepitembala ndi Okotobala, mitengo ya jakaranda imayala maluŵa ake amtundu wa pepo m'mbali mwa misewu. Mtengo umenewu kwawo ndi ku South America.

Mvunguti uli ndi maluŵa aakulu ofiira moderapo amene amalendeŵera pa zingwe zazitali. Amatseguka usiku, ndipo m'maŵa amapezeka atagwa pansi. Mlambe nawo umachita chimodzimodzi mvula ikayandikira. Duŵa lake n'loyera, lalikulu ngati chikhatho cha munthu, ndipo limatseguka dzuŵa likamaloŵa. Likafika tsiku lachiŵiri limafota. Ambiri adadya malambe kuyambira ali ana koma duŵa lake sadalione likutseguka. Paja akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Bwanji maluŵa aŵiriŵa amatseguka usiku? Alendo ake ndi mileme. Mleme umabwera kudzamwa timadzi totsekemera ta m'duŵa, ndipo pomwapo ubweya wake umatenga mungu. Ukapita pa duŵa lina umasiyapo munguwo, ndipo m'menemo mumabadwa chipatso. Njuchi zimagwira ntchito yomweyo masana pa mitengo ina. Popanda maluŵa sipangakhale mango, malambe kapena uchi.

Pali mtengo umodzi umene umachita zosiyana ndi inzake. Umenewu ndi msangu, womwe umapezeka kwambiri m'minda ya m'zigwa za kufupi ndi nyanja. Msangu umayoyola masamba ake mvula ikayamba, ndipo umaphukiranso mvula ikatha. Masamba ogwawo amaola nasanduka manyowa, ndipo pokhala kuti m'dzinja mtengowo ulibe mthunzi, chimanga chimakula bwino pansi pake. M'chilimwe ng'ombe ndi mbuzi zimadya zipatso zake.

Maulendo okaona maluŵa m'maiko ena

M'maiko ena anthu amasunga ndalama kuti akwere sitima kukaona maluŵa basi. Ku Australia kuli mzinda wotchedwa Toowoomba, umene uli pamwamba pa mapiri, makilomita pafupifupi 125 kumadzulo kwa mzinda wa Brisbane. Kuyambira m'chaka cha 1950 anthu a mumzindawo amachita chikondwerero cha maluŵa m'mwezi wa Sepitembala. Dziko la Australia lili kumwera kwa dziko lapansi monga Malaŵi, motero nakonso mitengo imaphukira m'mwezi umenewu. Eni nyumba amapikisana kuti aone amene wasamala bwino dimba lake la maluŵa, ndipo magalimoto okongoletsedwa ndi maluŵa amayenda pamdipiti m'misewu. Njanji yokwera ku Toowoomba imadzera pa siteshoni yaing'ono yotchedwa Spring Bluff, imene idatchuka chifukwa cha maluŵa obzalidwa pomwepo.

Alendo ambiri opita ku zikondwerero zotere amayenda m'gulu, ndipo amakhala ndi munthu wowatsogolera. Ntchito ya munthuyo ndi kugula matikiti, kukonza malo ogona, kuŵerenga anthu ake pa siteshoni iliyonse kuti wina asatsale, ndiponso kuwafotokozera za mapiri, mitsinje ndi midzi imene akudutsa. Anthu a m'madera odutsidwawo amapindula pogulitsa zakudya ndi ntchito za manja awo.

Ku Japan, kumpoto kwa dziko lapansi, nyengo yophukira imadza m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Pa nthaŵiyo mitengo yotchedwa sakura imachita maluŵa oyera ndi ofiirira, ndipo mabanja amayala mphasa pansi pake nadyera pamodzi. Dziko lomweli la Japan ndi limene lidathandiza kumanga sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje Valley, chakumpoto kwa chigwachi m'boma la Dedza, kumene alimi amalima mpunga ndi madzi a mumtsinje wa Namikokwe.

Mitengo imateteza njanji

Njanji ndi mitengo zimaoneka ngati zinthu zosagwirizana, koma china chimadalira chinzake. Mitsinje yodutsa pansi pa njanji ya m'chigwachi imachokera m'mapiri. Phiri likakhala ndi mitengo, masamba amachepetsa mphamvu ya mvula, mizu imagwira dothi, ndipo madzi amaloŵa pansi pang'onopang'ono. Koma mitengo ikadulidwa yonse kuti awotchere makala, kapena tchire likamatenthedwa chaka ndi chaka, madzi amatsika nthaŵi imodzi ndi mkokomo, atanyamula mchenga, miyala ndi zitsa. Madzi otere amakokolola minda ndi kugumula milatho.

M'chaka cha 2003 madzi osefukira adakokolola mlatho wa njanji wa pa mtsinje wa Rivirivi, pafupi ndi Balaka. Sitima zidaleka kudutsa kupita ku Salima ndi ku Lilongwe kufikira mlatho wina utamangidwa. Pa nthaŵi yonseyo katundu wolemera ankanyamulidwa pa malole, ndipo masiteshoni a m'chigwa cha Bwanje adangoti zii. Mlatho umodzi wokha udaimitsa njanji ya makilomita ambiri.

N'chifukwa chake mudzi wosunga nkhalango yake umasunganso minda, misewu ndi njanji. Ana asukulu nawo ali ndi gawo lawo. Angathe kufesa mbewu za msangu ndi mango m'timachubu ndi kuziwokera mvula ikagwa. Angathe kuleka kutentha tchire posaka mbeŵa. Ayeneranso kupeŵa kuseŵera kapena kudyetsa ziŵeto pa njanji, ndiponso kuikapo miyala, pakuti sitima n'njolemera ndipo siingaime msanga monga njinga. Mlambe umene mwana angausiye lero osaudula udzachita maluŵa ngakhale pa nthaŵi ya adzukulu ake.

Mafunso

1. Kodi chigwa cha Bwanje chili m'boma liti, ndipo anthu amalimako mbewu zanji?
2. Tchulani ntchito ziŵiri zazikulu zimene zidatha m'chaka cha 1935.
3. Chifukwa chiyani njanji idatsata chigwa m'malo modzera ku Dedza?
4. Fotokozani mmene Ilala idafikira ku nyanja ya Malaŵi.
5. Kodi mileme imathandiza bwanji mtengo wa mlambe?
6. Kodi msangu umasiyana bwanji ndi mitengo ina?
7. Tchulani ntchito zitatu za munthu wotsogolera alendo paulendo.
8. Fotokozani mmene kudula mitengo m'mapiri kungawonongere njanji.

Ntchito

(a) Pangani ziganizo ndi mawu aŵa: mungu, kuterereka, chinyontho, kufota, mdipiti.
(b) Fotokozani tanthauzo la mwambi wakuti, "Kuona maso a nkhono n'kudekha."
(c) Jambulani njanji yochokera ku Limbe kufika ku Salima, ndipo mulembepo maina a masiteshoni asanu.
(d) Lembani maina a mitengo isanu ya kwanu ndi mwezi umene mtengo uliwonse umachita maluŵa.