Phunziro linayenda bwino, koma kwa yani?

Pansi pa chikonzero cha phunziro pamakhala malo oti mphunzitsi adziunike akatha kuphunzitsa. Makolo sadziwa kuti malowa alipo. Ine amene ndakalambira m'makalasi a pulayimale kuno ku Dedza ndawerenga zikonzero zambiri za anzanga ndi za aphunzitsi ophunzira ntchito, ndipo chiganizo chomwe chimapezeka pamalopa n'chimodzimodzi: "Phunziro linayenda bwino, ophunzira ambiri anamvetsa." Ena amachilemberatu usiku, phunzirolo lisanachitike n'komwe, kuti ahedi kapena a PEA, alangizi a maphunziro m'zoni, akabwera asapeze potsala.

Kudziunika kwenikweni si kumeneko. Si kudzidzudzulanso ayi. Ndi kufunsa funso limodzi lokhala ndi umboni: ana achita chiyani lero chondisonyeza zomwe zili m'mitu mwawo, ndipo mawa ndisintha chiyani?

Mnzanga wina wophunzitsa masamu anaphunzitsa kuchotsera kobwereka. Anafotokoza bwino, mawu ake akumveka mpaka kumbuyo, ana akuyankha pamodzi "eee" akafunsidwa ngati amva. Poweruka tinatenga makope angapo, ena a ana okhala kutsogolo, ena a kumbuyo, ena a atsikana omwe sakweza mkono. Pa samu ya 52 kuchotsa 17 ambiri analemba 45. Yankho loona ndi 35. Cholembera chofiira chikanangothetha n'kupitirira, koma ife tinadabwa kuti ana olephera onsewo akugwirizana pa nambala imodzi. Mwana wongolota sagwirizana ndi mnzake. Tinaitana mmodzi kuti atiuze mmene anachitira. Iye anati pa 2 sungachotsepo 7, ndiye anatembenuza n'kuchotsa 2 pa 7, napeza 5. Kenako 5 kuchotsa 1, napeza 4. Mwanayo anali ndi lamulo lake, ndipo analitsatira mokhulupirika. Lamulolo analitola kwa ife tomwe, m'makalasi oyambirira, pomwe timati nambala yaikulu suichotsa pa yaing'ono.

Chochititsa chidwi n'chakuti ana ngati amenewa ukawapeza pa msewu wa M1 akuthandiza makolo kugulitsa mbatata ya kachewere ndi kabichi, chenji sachiphonya. Wogula akapereka K1,000 pa katundu wa K650, mwana amawerenga chokwera: 700, 800, 900, 1,000, n'kubweza K350. Nzeru ilipo, chomwe chinasowa ndi kulumikiza nzeruyo ndi manambala a pa bolodi. M'mawa mwake mnzangayo sanabwereze kufotokoza kuja mokweza mawu. Anabweretsa timitengo tomanga khumikhumi, mitolo 5 ndi timitengo 2 tapadera, nauza ana kuti achotsepo 17. Iwo okha anaona kuti palibe kuchitira mwina koma kumasula mtolo umodzi. Pamalo odziunika paja tsiku limenelo panalembedwa zomwe ana analakwitsa, chifukwa chake, ndi chomwe chinayesedwa. Mphunzitsi wina aliyense akanatha kuwerengapo n'kutolapo kanthu.

Maganizowa si achilendo. John Dewey wa ku America analemba m'buku lake la How We Think, lomwe linatuluka mu 1910, kuti kuganiza kwenikweni kumayamba munthu akakumana ndi chomuzunguza. Donald Schön mu 1983 anasiyanitsa kuunika komwe katswiri amachita ntchito ili m'kati ndi komwe amachita itatha. Koyambako mphunzitsi aliyense amakudziwa: uli pakati pofotokoza, waona maso a ana ayamba kuyang'ana pawindo, usintha chitsanzo pomwepo. Kwachiwiriko n'komwe kumatikanika, chifukwa kumafuna kukhala pansi.

Ngakhale zazing'ono zimabisala mpaka wina aziyeze. Mary Budd Rowe, m'zaka za m'ma 1970, anapeza kuti aphunzitsi akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha asanaloze wina kapena kudziyankha okha, ndipo akadikira masekondi atatu mayankho amatalika komanso ana ambiri amayankha. Pemphani mnzanu akhale kumbuyo kwa kalasi ndi wotchi tsiku lina. Mudzadabwa kuti amayankha ndi ana omwewomwewo, ndipo chifukwa chake si ulesi wa enawo.

Dziko lathu linavomereza kale zimenezi papepala. Silabasi yophunzitsira aphunzitsi a pulayimale, ya IPTE, itakonzedwanso ndi Malawi Institute of Education ku Domasi mu 2017, inanena poyera kuti ikufuna mphunzitsi wodziunika, wodziimira payekha, wophunzira moyo wake wonse. N'chifukwa chake wophunzira wa pa St Joseph's ku Bembeke, monga wa m'makoleji ena, amakhala materemu awiri pa koleji, awiri akuphunzitsa pa sukulu, kenako n'kubwereranso ku koleji materemu awiri kuti akasinkhesinkhe zomwe anakumana nazo. Dongosololi ndi labwino. Chomwe chimandidetsa nkhawa ndi chaka chotsatira, akalembedwa ntchito n'kupatsidwa kalasi yakeyake, pomwe palibenso womufunsa.

Ndikudziwa zomwe anzanga anene. Kuyambira 1994, pomwe sukulu ya pulayimale inakhala yaulere ndipo ana anachuluka kuchoka pa osakwana 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, makalasi athu sanapumepo. Uli ndi ana oposa 100, ena akhala pansi pa simenti yozizira ya mu Juni, ena afika mochedwa podikira kuti nkhungu ichoke, tsiku la msika ena sabwera n'komwe. Nthawi yosinkhasinkha uitenga kuti? Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindilichepetsa. Komatu kalasi ikakula m'pamene sungadalire nkhope za ana, chifukwa "eee" wa ana 100 amabisa ana 60 osamva. Sukufunika kuwerenga makope onse. Ochepa osankhidwa bwino akukwanira, ndipo nthawi yake ndi yofanana ndi yomwera tiyi.

Chomwe chimapha khalidweli kwenikweni ndi mantha. Mphunzitsi akalemba moona kuti theka la kalasi silinamve, woyang'anira wina amawerenga ngati umboni woti munthuyo ndi wolephera. Akadzudzulidwa kamodzi, mawa amabwerera ku chiganizo chotetezeka chija. Palinso maganizo omwe anatilowerera, akuti mphunzitsi amakula pa ntchito pokhapokha aitanidwe ku maphunziro a alawansi. Maphunzirowo ndi othandiza, koma amabwera mwa apo ndi apo, ndipo wophunzitsa kumeneko sanawaonepo ana a m'kalasi mwanu.

Ku Japan aphunzitsi amakonzera limodzi phunziro limodzi, mmodzi n'kuliphunzitsa enawo akuyang'ana ana, osati mphunzitsiyo, kenako n'kukambirana. Anzathu a ku Zambia anayamba kuchita zomwezo mu 2005 mothandizidwa ndi bungwe la JICA. Ife tili kale ndi malo ake: TDC iliyonse m'zoni imasonkhanitsa aphunzitsi. Pempho langa kwa a PEA ndi ahedi a m'boma lino n'lakuti pa msonkhano wotsatira mphunzitsi aliyense abwere ndi makope a ana ake okhala ndi mayankho olakwika, tikhale m'magulu a kalasi imodzi, tifufuze limodzi lamulo lomwe mwana aliyense anatsatira kuti afike pa yankho limenelo.