"Ndingakugwireni mkono?": zomwe anandiphunzitsa msilikali wopuma

Inali cha m'ma 2 koloko usiku, ndili pantchito pachipatala china cha asilikali opuma ku America, komwe ndakhala ndikugwira ntchito ya unamwino kwa zaka zingapo tsopano. Ndinalowa m'chipinda cha bambo ena azaka za m'ma 70 kuti ndiwayeze BP. Anali atagona choyang'ana kukhoma. Posafuna kuwasokoneza ndi magetsi, ndinanyang'ama n'kuwagwira mkono kuchokera kumbuyo.

Bambowo anadzambatuka n'kudzipanikiza pakona ya bedi, thupi lonse lili njenjenje. Dripi inazuka, magazi n'kumayenderera pansalu. "Choka! Usandikhudze!" anakuwa motero.

Mumtima ndinati koma abale, ndalakwanji? Kwathu ku Malawi ndinazolowera kugwira ntchito mothamanga. Odwala thoo m'wodi, namwino uli wekha, nthawi yofotokoza uipeza kuti?

Kutacha, namwino wamkulu anandiitanira pambali n'kundionetsa zilembo zitatu m'faelo ya bambowo: MST. Kuno amati Military Sexual Trauma, kutanthauza bala la mumtima lomwe munthu amatsala nalo atagwiriridwa kapena kuchitidwa nkhanza zokhudza kugonana pa nthawi yomwe anali msilikali.

Nkhaniyi inabisika kwa zaka zambiri. Inaphulika mu 1991, pomwe amayi 83 ndi abambo 7 anachitidwa zachipongwe pamsonkhano wa Tailhook wa asilikali oyendetsa ndege ku Las Vegas. Mu 1992 aphungu a dzikoli anakhazikitsa lamulo loti amayi omwe anali asilikali azilandira uphungu pa vutoli, ndipo mu 1994 anaonjezerapo abambo. Lero nthambi ya boma yosamalira asilikali opuma, yomwe amaitchula mwachidule kuti VA, imafunsa msilikali wopuma aliyense wobwera kuchipatala ngati zotere zinamuchitikirapo. Pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse amayankha kuti inde, ndipo kwa abambo ndi mmodzi mwa 50. Thandizo lake ndi laulere, ndipo safunsa umboni kapena ngati munthu anakadandaulapo kwa akuluakulu pa nthawiyo.

Bambo anga aja anali mmodzi mwa 50 amenewo. Anabwera chifukwa amatuluka magazi pochita chimbudzi, ndipo madokotala amaopa khansa ya m'matumbo. Pamafunika kuwaunika polowetsa kapaipi kokhala ndi kamera kudzera kotulukira chimbudzi. Anali atakana kawiri konse. Ena mwa ife, ine ndemwe, timangoti ndi nkhalamba yamakani.

Usiku wotsatira ndinagogoda kaye. Ndinayatsa getsi, ndinatchula dzina langa, n'kuima pomwe amatha kundiona bwino, osatchinga khomo.

"Pepani bambo, dzulo ndinalakwitsa. Ndabwera kudzakuyezani BP. Ndingakugwireni mkono?"

Anandiyang'ana kwa kanthawi ndithu, kenako anatambasula okha mkonowo.

Ndinapitiriza choncho tsiku ndi tsiku. Jakisoni, ndifotokoze kaye. Kusintha nsalu, ndipemphe kaye. Akati "osati pano", ndimatuluka n'kudzabweranso. Munthu wogwiriridwa amakhala atalandidwa ulamuliro pathupi lake. Ngakhale papite zaka 50, thupi limakumbukirabe, ndipo dzanja lobwera modzidzimutsa, kuvulidwa zovala kapena kugonekedwa chafufumimba kumatha kumubwezera ku tsiku lomwe lija ngati zikuchitika pompano. Madokotala amati PTSD. Choncho chifundo chenicheni cha namwino ndiye kumubwezera munthuyo mphamvu yonena kuti inde kapena ayi.

Patapita masiku asanu anayamba okha kulankhula, maso ali kudenga. Anali ndi zaka 19, atangolowa kumene usilikali. Anzawo atatu anawapanikiza usiku m'nyumba yogonamo asilikali.

"Ndikanakanena kwa yani, mwana wanga? Mmodzi mwa iwo ndiye anali bwana wanga. Mfuti timanyamulira limodzi, chakudya timadyera limodzi. Mkazi wanga anamwalira osadziwa."

Apa mpomwe pali ululu wa nkhanza za ku usilikali. Wokulakwirayo sungamuthawe, ntchito sungangoisiya, ndipo kawirikawiri woti ukamudandaulire amakhala mnzake wa yemweyo. Imfa ya msilikali wamkazi Vanessa Guillén, yemwe anaphedwa ku Fort Hood mu 2020 atauzako abale ake kuti akuvutitsidwa, inakwiyitsa anthu ambiri, ndipo mu 2021 lamulo linasintha kuti milandu yogwiririra isamagamulidwenso ndi mabwana a asilikali kuti ipite kubwalo kapena ayi. Kwa bambo anga aja, kusinthaku kunabwera mochedwa.

Sindinawafunse chifukwa chomwe sanakuwire kapena kulimbana nawo. Ndinangoti, "Ndakumvani bambo, ndipo ndikukukhulupirirani. Olakwa si inu."

Kenako tinakambirana za kuunika kuja. Mantha awo anali pa kugonekedwa tulo anthu osawadziwa atawazungulira. Anasankha dokotala wamkazi. Aliyense wolowa m'chipindamo anabwera kudzadzitchula dzina asanawabaye mankhwala ogonetsa, ndipo ndinawalonjeza kuti ndikhala pambali pawo mpaka atadzuka. Anavomera. Dokotala anapeza tizotupa tomwe tikanasanduka khansa, n'kutichotsa tsiku lomwelo. Asanatuluke, anavomeranso kukaonana ndi mlangizi wa za MST, yemwe amapezeka pachipatala chilichonse chachikulu cha VA.

Chichitikireni izi ndimaganiza zakwathu, komwe mnyamata amakula akuuzidwa kuti mwamuna salira. Ndi angati omwe ndinawagwira mothamanga m'wodi muja, n'kuwanena kuti ngovuta, chonsecho asenza katundu wotereyu?

Ngati mnzanu, mchemwali kapena mchimwene wanu atakuululirani zoti anagwiriridwa, musayambe ndi kumupanikiza mafunso. Mvetserani, mukhulupirireni, mufunseni chomwe akufuna. Ngati zangochitika kumene, mulimbikitseni kupita kuchipatala asanathe maola 72 kuti akalandire mankhwala a PEP oteteza ku HIV, ndipo muperekezeni. Ngati ndi zakalekale, musamukakamize kufotokoza zonse tsiku limodzi. Paja akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tsiku lotuluka, bambo aja anaima pakhomo la wodi atanyamula kachikwama kawo. Anamwetulira n'kundifunsa, "Ndingakugwire chanza, mwana wanga?"