Chogwirira Chitseko Chikathyoka

Mvula yoyamba ya mu Novembala imabwera ndi chimphepo, ndipo kwathu ku Nsaru iyi ndiyo nyengo imene zitseko zakunja zimaona mavuto. Pa tchalitchi chathu, chogwirira cha chitseko chachikulu chinathyokera m'manja mwa dikoni Sabata lina m'mawa, Sukulu ya Sabata isanayambe. Tinamangapo waya. Wayayo anakhalapo masabata atatu, chonsecho m'katimo muli zokuzira mawu ndi batire la sola zimene mpingo unachita kusonkhera. Tsiku limene tinaganiza zokonza, ntchito yonse sinakwane ola limodzi.

Tiyambe ndi kumvetsa mmene loko wolowa m'thabwa amagwirira ntchito. Zogwirira ziwiri, chakunja ndi cham'kati, zimalumikizidwa ndi kachitsulo ka ngodya zinayi, kawirikawiri konenepa mamilimita 8, kamene kamadutsa pakati pa lokoyo. Tikatsitsa chogwirira, kachitsuloko kamatembenuka n'kukoka kalilime kopendekera kaja. Kiyi ali ndi mpiringidzo wakewake m'munsi. Choncho chogwirira chikathyoka, sikuti loko yense wafa.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Timasule masikuluwu a mbali zonse ziwiri, tichotse zogwirira, kenaka tigwire kachitsulo kaja ndi pulayala n'kupotoza. Kalilime kakalowa n'kubwerera kokha, loko ali bwino ndipo tingogula zogwirira. Kakapanda kubwerera, sipuling'i yam'kati yatha. Pamenepo ndiye tisinthe loko yense.

Popita ku shopu, kaya pa Nsaru pompano kaya m'tauni ku Lilongwe, tinyamule chogwirira chakalecho. Apa ndi pamene ambiri timaluzira ndalama. Mtunda wochokera pa kachitsulo kufika pa bowo la kiyi sufanana pa maloko onse. Pa maloko ambiri a kiyi wamtali ndi mamilimita 57, koma a makiyi aafupi amakono amasiyana. Tikagula mongoyerekeza ndi maso, tidzapeza bowo la kiyi latsekeka theka, ndipo wogulitsa salandira katundu wong'ambidwa pepala. Tinyamulenso chatsopanocho m'dzanja kuti timve kulemera kwake. Chopepuka ngati chitini sichitha chaka pa chitseko chimene ana a Sukulu ya Sabata amalendewerapo.

Poika, kachitsulo kalowe mokwanira m'zogwirira zonse ziwiri. Kakatalika, zogwirira sizikhala pansi pa thabwa, ndiye tikadule ndi sowo yachitsulo. Kakafupika, tsiku lina chogwirira chidzangozungulira chabe munthu ali m'kati. Mabowo akale a masikuluwu nthawi zambiri amakhala atakula. Tikhomeremo timitengo ta machesi topaka guluu wa matabwa, tidikire aume, sikuluwu idzagwira ngati pa thabwa latsopano. Tisamange sikuluwu imodzi mpaka kumapeto zina zisanalowe, chifukwa chogwirira chimapendama n'kuyamba kulimba. Ndipo tiyese zonse, chogwirira ndi kiyi yemwe, chitseko chili chotsegula.

Koma n'chifukwa chiyani chinathyoka poyamba? Funsoli tinatsala pang'ono kulidumpha. Nthawi ya dzinja thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma, chitseko chimayamba kukakamira pa felemu, ndipo aliyense amachikoka ndi mphamvu pa chogwirira, chimene anachipangira kungokoka kalilime. Tikatseka chitseko pang'onopang'ono tiona pamene chikukhula: utoto umakhala utasupuka. Tiyambe tamanga masikuluwu a mahinjesi, poti nthawi zina chitseko chimangokhala chagwa pang'ono. Chikakhulabe, tipale malowo ndi puleni, pang'ono pokha popeza chilimwe thabwa lidzabwerera, ndipo tipakepo utoto kuti madzi asalowe. Mu loko tisathiremo mafuta ophikira monga tinazolowera. Amagwira fumbi n'kusanduka phala. Kukhula kiyi ndi mtima wa pensulo kumakwanira.

Chinatsala ndi mphepo. Chitseko chathu chimakhala chotsegula mapemphero onse, ndipo chimphepo chikachiomba chinkamenyetsa chogwirira kukhoma. Tinakhoma kambedza kokolera chitseko chikatseguka, ndi kachidutswa ka tayala pamene chinkagunda. Tinamaliza Lachisanu masana, dzuwa likadali m'mwamba, ndipo makiyi tinakapereka kwa adikoni tisanapite kukasamba.