Mapuloteni Opangidwa ndi Mabakiteriya Akuulula Mmene Ubongo Umaumbikira

Selo la pakhungu ndi selo la mu ubongo ali ndi DNA yofanana, koma lina limaphimba thupi pomwe linzake limatumiza mauthenga. Amene amasiyanitsa maselowa ndi mapuloteni otchedwa transcription factor. Mapuloteniwa amagwira DNA pamalo osankhika n'kulamula kuti malangizo awa agwire ntchito, awo akhale kaye, monga kapitawo amagawira ndime pa esiteti. Munthu ali ndi mitundu pafupifupi 1,600 ya mapuloteniwa. Ena mwa iwo, monga Sox2, Pax6, Ascl1 ndi Neurogenin 2, ndi amene amatsogolera ntchito youmba ubongo mwana ali m'mimba.

Mphamvu zawo zinaonekera bwino mu 2010, pamene gulu la Marius Wernig pa yunivesite ya Stanford linasandutsa maselo a pakhungu la mbewa kukhala maselo a ubongo pogwiritsa ntchito atatu okha: Ascl1, Brn2 ndi Myt1l. Koma kuti malangizo opangira mapuloteniwo alowe m'maselo, anawanyamulitsa mavairasi, monga anachitira Shinya Yamanaka wa ku Japan mu 2006 pobweza maselo okhwima kuti akhalenso osakhwima, otha kusanduka selo la mtundu uliwonse. Vuto lake n'lakuti vairasi yotereyi imasokerera katundu wake mu DNA ya selo mpaka kalekale. Mbewa zina zochokera m'maselo a Yamanaka zinadzatuluka zotupa.

Ndiye bwanji osapereka puloteni yeniyeniyo, igwire ntchito yake kenako ithe? Njira yoipangira inalipo kale. Kuyambira 1973, pamene Stanley Cohen ndi Herbert Boyer analowetsa DNA yachilendo m'mabakiteriya a E. coli, asayansi amatha kuweta mabakiteriya kuti aziwapangira puloteni imene akufuna. Insulin ya odwala matenda a shuga yopangidwa motere inavomerezedwa mu 1982. Mabakiteriyawo akachulukana amawaphwanya, n'kusefa puloteniyo kuti itsale yokha.

Chovuta chinali kuilowetsa m'selo, chifukwa khungu la selo sililola mapuloteni kudutsa chisawawa. Apa ndi pamene nkhaniyi imandigwira mtima, pakuti yankho linachokera kwa kachilombo kamene katilanda abale ambiri. Mu 1988 ofufuza anaona kuti puloteni ya HIV yotchedwa Tat imalowa yokha m'maselo, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti chimene chimailowetsa ndi kachigawo kochepa kodzaza ndi arginine, kamodzi mwa timagawo tomangira mapuloteni. Kachigawoka pakokha sikapatsa munthu matenda. Mu 2009 gulu la Sheng Ding ku Scripps Research Institute, ku California, linalumikiza ma arginine 11 ku mapuloteni anayi amene Yamanaka anagwiritsa ntchito pobweza maselo, n'kuwathira pa maselo a mbewa pamodzi ndi valproic acid, mankhwala odziwika a khunyu. Maselo ena anabwereradi kukhala osakhwima popanda chachilendo chilichonse kusokereredwa mu DNA yawo.

Komabe maselo amene anasintha anali ochepa kwambiri. Puloteni ikalowa m'selo sichedwa kuphwanyidwa, motero pamafunika kuthira mobwerezabwereza. Mabakiteriya nawonso amakonda kuiunjika m'zibuma zosagwira ntchito, zofunika kuzisungunula kuti puloteniyo ipindikenso m'maonekedwe ake oyenera. Pa chifukwachi, wina akakuuzani kuti mapuloteniwa akuchiza kale sitiroko kapena matenda a Parkinson, musamukhulupirire. Ine ndimaona kuti kupatsa odwala chiyembekezo chotere n'kuwalakwira.

Phindu lawo lenileni lero lili m'labotale. Wofufuza akakhala ndi puloteni yosefedwa bwino amaisakaniza ndi tizidutswa ta DNA kuti aone pamene ikugwira, mphamvu imene ikugwirira, ndiponso mnzake amene ikufuna kuti igwire bwino. Ascl1 ndi chitsanzo chabwino. DNA yambiri m'selo imakhala yokulungidwa zolimba pa mapuloteni otchedwa histone, moti ma transcription factor ambiri amalephera kuifikira. Ascl1 imatha kugwira ngakhale pamalo okulungidwawo n'kutsegulira anzake njira, ndipo n'chifukwa chake imatha kuyambitsa ntchito yosandutsa selo la pakhungu kukhala la ubongo.